Kodi Abusa Amalidziwa Khomo Lanu?

Moni inu amene mwakhala pakhonde mukutongola chimanga, inu muli m'minibasi pobwerera kunyumba, ndi inunso abusa amene mwangofika kumene kuchokera kokayendetsa mwambo, mwavula kolala kuti mupumeko. Musatseke wailesi, abusa. Nkhani ya lero ndi yanu ndi ife nkhosa zanu.

Ndiyambe ndi maliro amene ndinakhalapo zaka zingapo zapitazo. Dzina la mpingo sinditchula, la mudzi sinditchulanso, chifukwa ambiri a inu mukamva munena kuti zinachitika kwanu.

Anatisiya ndi gogo wina amene anakulira mu mpingo. Anabatizidwa ali mtsikana, anamangitsa ukwati woyera, ndipo zaka zambirimbiri anavala yunifolomu ya amayi, kuimbira maliro a anzawo usiku wonse mpaka mawu kusasa. Kenaka matenda anawagoneka zaka ziwiri. Uthenga wa imfa utamveka, anyamata anaika masamba pamsewu, amayi anadzaza m'siwa, adzukulu analawirira kumanda. Koma pamudzi panali zii. Amayi a mpingo anali atafika ndithu, atakhala pansi pa mtengo wa mango, mayunifolomu atawakulunga m'zitenje, akudikira mawu ochokera kwa akuluakulu. Dzuwa litakwera kunatulukira mlembi wa mpingo, buku lalikulu lili m'khwapa. Analitsegula, kuyendetsa chala m'mizere, mpaka kupeza dzina la malemu. Kadi yawo inali isanalembedwe kwa zaka ziwiri. Mawu anatuluka akuti mpingo suimba kufikira ngongoleyo itaperekedwa.

Mwana wamkazi wa malemu, yemwe anawadwazika zaka ziwiri zonsezo, kuwasambitsa ndi kuwatembenuza pamphasa, anadzuka m'siwa osanena kanthu. Anatapa ndalama za chipepeso zimene anthu anasonkha kuti zigulire ufa ndi ndiwo za pamaliro, nakazipereka kwa mlembi. Pomwepo mayunifolomu anavalidwa, nyimbo zinayamba. M'mawa mwake abusa anafika pa njinga yamoto, nalalikira bwino kwambiri za kuuka kwa akufa. Koma pofuna kutchula dzina la malemu, anayamba ayang'ana kaye pa kapepala. Kawiri konse.

Omvera, chimene chimandiwawa pa nkhaniyi si ndalama ayi. Mpingo suyenda ndi mphepo. Denga likadontha pamafunika malata, abusa ayenera kudya, ana awo ayenera kupita kusukulu. Chimene chimandiwawa ndi zaka ziwiri zija. Mwezi ndi mwezi buku lija linkaonetsa kuti mayi amene sankaphonya chopereka wasiya kupereka. Buku linkafuula kuti pakhomo paja pagwa kanthu. Mpingo unadziwa ngongole ya gogoyo mpaka tambala yomaliza, koma kuti akudwala, kuti sakutha ngakhale kufika pakhomo, unali usakudziwa, kapena unkadziwa koma phazi silinapite. Ngati mukufuna kudziwa mmene ubale wa mbusa ndi mpingo wake ulili, musayang'ane khamu la Lamulungu. Funsani kuti, munthu akasowa m'tchalitchi milungu itatu, chimayamba kufika pakhomo pake n'chiyani: phazi, kapena kalata yokumbutsa za ngongole?

Dziko lathu ndi la anthu opemphera. Kalembera wa mu 2018 anapeza kuti mwa anthu 100 alionse, pafupifupi 77 ndi Akhristu; mwa anthu 100 omwewo, 17 ndi Akatolika ndipo 14 ndi a CCAP. Ndiye kuti palibe mfumu, palibe phungu, palibe nduna imene imakumana ndi anthu ochuluka sabata ndi sabata monga amachitira abusa ndi ansembe. Ndi iwo amene amatibatizira ana, kutimangitsira maukwati, kutiyanjanitsa banja likagwedezeka, ndi kutiperekeza kumanda. Ubale umenewu ukadwala, mudzi wonse umatsokomola.

Tsono ndisawaunjikire abusa mlandu wonse, chifukwa kutero n'kunama. Taganizirani mbusa wa kumudzi. Pa pepala ali ndi mpingo umodzi, koma mpingo umodziwo uli ndi nthambi khumi kapena kuposa, zina kutsidya kwa mtsinje umene dzinja sawoloka. Kwa Akatolika nako, parishi imodzi imakhala ndi matchalitchi ang'onoang'ono ambiri, moti kwina bambo mfumu amafika kamodzi pamwezi, kwina miyezi imadutsa Akhristu asanaone Misa. Mbusa yemweyo Loweruka ali ndi ukwati m'mawa, maliro masana, seshoni madzulo. Mafuta a njinga yamoto akwera mtengo, nthawi zina sapezeka n'komwe. Ndalama ya kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo m'sitolo inalumpha, koma malipiro a abusa ambiri a kumudzi anangoima pomwe anali, chifukwa amachokera m'mbale ya alimi amene nawonso feteleza wawakanika. Ndiye tikati mbusa agogode khomo lililonse, tikumupempha chimene munthu wa miyendo iwiri sangathe.

Komatu makolo athu m'chikhulupiriro anali ndi abusa ochepa kuposa ife, ndipo nkhosa sizinkasowa woziyendera. Tiyeni tibwerere m'mbuyo pang'ono. Mishoni ya Blantyre inayamba mu 1876, koma abusa oyamba achikuda, Harry Kambwiri Matecheta ndi Stephen Kundecha, anadzozedwa mu 1911. Ku Livingstonia, kumene ntchito inayamba mu 1875, anadikira mpaka 1914 kuti adzoze Yesaya Zerenji Mwasi, Hezekiah Tweya ndi Jonathan Chirwa. Amishoni a Dutch anafika ku Mvera mu 1889, koma Andreya Namkumba anadzozedwa mu 1925. Werengani zaka zimenezo: kulikonse zikupitirira 30. Nanga nthawi yonseyo, mmishonale mmodzi kapena awiri ali pa siteshoni, ndani ankaweta nkhosa m'midzi? Anali aphunzitsi a sukulu za m'midzi, alaliki, ndi akulu a mpingo. Anthu ogona m'mudzi momwemo, omwa chitsime chomwecho, odziwa kuti kwa uje mwana watentha thupi, kwa uje nkhokwe yatha. Matecheta yemweyo, asanavale kolala, anakhala zaka zambiri ngati mlaliki pakati pa Angoni ku Ntcheu. Ubusa anauphunzira pa mphasa za anthu asanauphunzire m'kalasi.

Ndiye mpingo wa kuno kwathu unakula ndi mapazi. Ndi chifukwa chake a CCAP ali ndi milaga, ndipo mkulu wa mpingo aliyense amapatsidwa dera lake loti aziliyang'anira. Ndi chifukwa chake kuli amayi a Mvano ku Blantyre, a Chigwirizano ku Nkhoma, a Umanyano ku Livingstonia, a Dorika kwa a Seventh Day, amene ntchito yawo yaikulu kuyambira kale ndi kuzonda odwala ndi kutonthoza olira. Akatolika nawo anaona chimodzimodzi. Episkopi Patrick Kalilombe atatenga dayosizi ya Lilongwe mu 1972, anayambitsa zokambirana zimene zinatenga zaka za 1973 mpaka 1975, ndipo zinalimbikitsa miphakati, kuti Akhristu oyandikana nyumba azisonkhana, azidziwana, azisamalana, osangodikira wansembe wochokera ku parishi. Dongosolo tili nalo kale, ndipo ndi labwino. Chimene chasintha ndi ntchito imene tikulipatsa. Masiku ano mkulu wa mpingo akagogoda pakhomo, mwininyumba amayamba wafufuza m'thumba. Mlaga ukakumana, pemphero limakhala lalifupi, nkhani yaitali ndi ya chandamale chimene wapatsidwa pa Pepa Sande ikubwerayi. Njira zimene zinalambulidwa kuti chisamaliro chizitsika kupita kwa anthu, tazisandutsa zoti ndalama zizikwera kupita ku ofesi.

Ine ndinakula ndikuona mtundu wina wa ubusa, ndipo sindikuiwala. Mayi anga atadwala, ndili mwana, kunabwera abusa okalamba pa njinga yakapalasa, buluku atalimanga ndi chingwe cha nthochi kuti lisakodwe m'tcheni. Tinathamangira mpando, iwo anakana, nakhala pamphasa pafupi ndi odwala. Anatifunsa mayina mmodzimmodzi, ndi kalasi imene aliyense ali. Nsima itabwera, ndiwo zake nkhwani wotendera, anasamba m'manja nadya bwinobwino, osayang'ana kumbali ngati akufuna nkhuku. Pemphero lawo sindikulikumbuka. Ndikukumbuka kuti patapita miyezi tinakumana pamsika, nanditchula dzina, nafunsa ngati mayi ayamba kupita kudimba. Abusa amenewo akanaima pa guwa n'kunena kuti denga la tchalitchi likufunika malata, bambo anga akanagulitsa mbuzi tsiku lomwelo. Osati chifukwa choopa kudulidwa, koma chifukwa wopemphayo anali munthu wodziwa kukoma kwa nkhwani wa pakhomo pathu.

Apa ndi pamene ndimasiyana maganizo ndi akuluakulu ena a mipingo amene amati popanda kuopseza ndi maliro anthu sangapereke. Mwina chaka chimenecho ndalama zibwera. Koma munthu wopereka chifukwa choopa kuikidwa chinunu sakupereka kwa Mulungu, akulipira inshuwalansi ya maliro. Ndipo ana ake akuona.

Akuona, n'chifukwa chake ambiri akutuluka. Timakonda kunena kuti achinyamata akuthamangira ku mafelosipu ndi ku mipingo ya Chipentekoste chifukwa cha magitala ndi zozizwitsa. Zilipo zimenezo. Koma kafunseni bwino. Mtsikana amene wakhala zaka khumi m'tchalitchi chachikulu, abusa osamudziwa dzina, akalowa m'kalasi ya sukulu imene kampingo kena kamachita lendi Lamulungu, tsiku lomwelo amamuimiritsa, kumufunsa dzina, kumulemba nambala. Lachiwiri foni imalira: “Mlongo, munafika bwino? Tikupempherereni chiyani?” Abusa ambiri a timipingo timeneti ndi anthu osauka, ena amasoka zovala kapena kugulitsa pamsika mkati mwa sabata, koma nkhosa zawo amazidziwa ndi mayina. Pamenepa mipingo yakale ili ndi choti iphunzire, ndipo isachite manyazi.

Koma kumeneko nako kuli dzenje lake, lakuya kuposa la buku la mlembi. Kampingo kakakula, mbusa uja amasanduka Papa. Amayenda ndi anyamata omuteteza, amalowa m'tchalitchi anthu atagwada, ndipo kuti muonane naye pa awiri, kwina mumayamba mwalipira. Mayi wamasiye amauzidwa kuti abzale mbewu kuti mavuto ake athe, natenga ndalama ya fizi ya mwana n'kukaika m'envulopu. Zikapanda kuyenda, amamuuza kuti chikhulupiriro chake n'chochepa. Ena auzidwa kuti asiye ma ARV kapena mankhwala a shuga chifukwa achira, ndipo tinawaika m'manda. Mneneri Ezekieli, m'mutu 34 wa buku lake, anadzudzula abusa a mtundu umenewu, odzidyetsa okha nkhosa zikuwonda, osamanga yothyoka, osafunafuna yotayika. Ndipo taonani chimene chimachitika imfa ikagwa m'nyumba ya munthu amene ankatumiza chakhumi pa foni kwa mneneri wa pa TV kapena pa Facebook. Mneneri uja safika. Abale amathamangira kwa mbusa wa pamudzi yemwe uja, wa nsapato zakutha, kukamupempha kuti awathandize mwambo.

Tsopano ndicheukire kwa ife nkhosa, chifukwa nafenso manja athu sali oyera. Timafuna abusa atiyendere, koma ife timawayendera liti? Mudzati timapita, mlaga uliwonse uli ndi mwezi wake wokacheza kunyumba ya abusa, titasenza ufa, shuga, sopo, nkhuku, nthawi zina mbuzi. Mwambo umenewu ndi wokoma ndipo usathe. Mabanja ambiri a abusa amapulumukira pomwepo. Koma nawonso tauloweza mpikisano. Mlaga wa anthu olemera umabwera ndi firiji, wa anthu osauka umachita manyazi ndi lichero lake la mtedza. Pakutha pake abusa, poti nawo ndi munthu, galimoto yawo imazolowera njira yopita ku mageti aakulu, ndipo kanjira kopita kwa gogo uja kamamera udzu. Tikuwaphunzitsa tokha kukondera, kenaka n'kumawanena kuti ndi okondera.

Ndipo mwa onse opita ndi mphatso aja, ndi angati amene amakhala pansi n'kufunsa kuti, “Abusa, inuyo muli bwanji?” Munthu ameneyu amasenza zinsinsi za mpingo wonse. Amamva za mabanja akutha, za matenda amene mwini wake sanauze ngakhale mkazi wake, za ngongole, za ana olowerera. Sabata imodzi akhoza kuika maliro atatu, ena a mwana amene anamubatiza yekha. Iye akalema amakauza yani? Akauza mkulu wa mpingo, mawa zili pamsika. Banja lake likagwedezeka alibe kothawira, chifukwa aliyense amayembekeza kuti m'nyumba ya abusa simukhala utsi.

Za mayi busa ndiye musanene. Mpingo unaitana munthu mmodzi, umalipira munthu mmodzi, koma umagwiritsa ntchito anthu awiri. Mayi busa atsogolere amayi, alandire alendo a mpingo, aphike pa msonkhano, apezeke pa maliro alionse. Akavala bwino, akuti akudya chopereka. Akavala chitenje chofwifwa, akuti akuchititsa manyazi mpingo. Akakhala ndi ntchito yake ya uphunzitsi kapena unamwino, akuti alibe mtima wa utumiki. Ana awo akalakwa zimene ana onse amalakwa, mudzi wonse umaloza chala. Ndipo tsiku limene abusa amwalira kapena kupuma pa ntchito, banja limene lakhala zaka 30 m'nyumba za mpingo limapatsidwa miyezi yowerengeka kuti lisamuke, poti mbusa watsopano akubwera. Ndaonapo abusa opuma akukhala m'nyumba ya lendi ya zipinda ziwiri, anthu amene anawamangitsa maukwati akuwadutsa pa galimoto.

Palinso nkhondo za m'seshoni ndi m'makomiti. Mbusa watsopano akafika amapeza akuluakulu amene akhala pa mipando zaka makumi, ena ndi amene anapereka malo omangapo tchalitchi. Akafunsa za mabuku a ndalama, yayamba. Makalata opanda dzina amapita ku likulu, magulu amagawikana, mpaka timamva kuti Akhristu akhoma chitseko cha tchalitchi kuti mbusa wawo asalowe. Kwinanso wolakwa amakhala mbusa, amene amafuna kuti ndalama zonse zizidutsa m'manja mwake, msungichuma n'kungokhala dzina. Mankhwala a matenda awiri onsewa ndi amodzi ndipo ndi otsika mtengo: ndalama ziziwerengedwa ndi anthu angapo, ndipo lipoti lake liziwerengedwa poyera pamaso pa mpingo wonse, zolowa ndi zotuluka. Pamene anthu akudziwa kumene ndalama yawo yapita, miseche imachepa, ndipo mbusa amayenda momasuka.

Ndinene chimodzi chokhudza chilango, mwachidule. Mtsikana akatenga mimba ya pathengo amadulidwa msanga, chifukwa tchimo lake likuoneka ndi maso. Bambo amene anamupatsa mimbayo, ngati ali wopereka kwambiri, nkhani yake imayenda pang'onopang'ono mpaka kuzilala. Wandale akabwera ndi envulopu yonenepa pa Pepa Sande amapatsidwa maikolofoni, ngakhale aliyense akudziwa mbiri yake. Nkhosa zimaona zonsezi, abusa. Sizilankhula, koma zimaona.

Komatu mawu a mbusa amene anthu amamukhulupirira ndi amphamvu zedi, ndipo dziko lino ndi mboni. Pa 8 Malichi 1992, kalata ya maepiskopi a Chikatolika inawerengedwa m'matchalitchi m'dziko lonse, ikunena za malipiro ochepa, za mavuto a m'sukulu ndi m'zipatala, za anthu kuopa kulankhula. Zimene zinali m'kalatayo sizinali zachilendo kwa munthu wamba. Zinali zomwe ankanong'onezana m'nyumba zitseko zitatsekedwa. Mphamvu yake inali yakuti anthu anamva abusa awo akunena mokweza zimene iwo ankalira chamumtima. Chaka chotsatira, pa 14 Juni 1993, Amalawi anavotera ndale za zipani zambiri. Mbusa sangalankhulire anthu amene sawamva, ndipo sangawamve ali pa guwa pokha.

Ndiye pempho langa kwa abusa, ansembe, akulu a mpingo, atsogoleri a miphakati ndi alembi si lakuti mutaye buku lija ayi. Lisungeni, koma muziliwerenga mwa mtundu wina. Pa seshoni ikubwerayi, mlembi akatsegula tsamba la amene atha miyezi itatu osapereka, musawatche a ngongole. Amenewo ndi makomo oti mugawane. Uyu apite kwa uje, uyu kwa uje, chimanjamanja, opanda kadi, opanda envulopu, kukangofunsa kuti kwagwanji. Mukapeza kuti wina akudwala, wina ntchito inatha, wina mwamuna anamuthawa, wina anakhumudwa ndi mawu amene wina anamuyankhula pakhomo la tchalitchi, ndipo wina, inde, ndi ulesi chabe. Mwa makomo amenewo, akulu asankhe awiri kapena atatu a mavuto aakulu kwambiri n'kunena kuti, “Abusa, awa okha mupiteko nokha.” Makomo atatu pamwezi mbusa aliyense angathe, ngakhale wa nthambi khumi. Mose yemwe anachita kulangizidwa ndi mpongozi wake Yetero kuti agawire ena milandu ing'onoing'ono, iye azitenga ikuluikulu. Ndipo lamulo loti maliro a Mkhristu adikire ngongole, kulikonse kumene lilipo, lolembedwa kapena losalembedwa, likambidwenso m'mabwalo a mpingo. Amene ali ndi mphamvu yolisintha ndi inu nomwe mumakhala m'mabwalomo.

Ife nkhosa, mwezi wathu wokacheza kwa abusa ukafika, tisangotula katundu, kuimba nyimbo ziwiri n'kumapita. Wina atsalire. Afunse za fizi ya ana awo, afunse ngati ali ndi pokakhala akadzapuma, afunse mayi busa ngati chaka chino apitako kwawo kukaona makolo.

Mayi uja amene anatapa ndalama za chipepeso ndinakumana naye chaka chathachi, akuchokera kuchigayo. Ndinamufunsa za kutchalitchi. Anatula thumba lake pansi, napukuta ufa kumaso, nati chiikireni mayi ake sanapondeko. Sanalowe mpingo wina, Baibulo la mayi ake amawerengabe madzulo, ndipo nyimbo zikamveka Lamulungu m'mawa mphepo ikaomba cha kwawo, amaziimba ali pa mtondo. Ndinamufunsa ngati alipo wa mpingo amene anabwera kudzamufunsa chifukwa chake. Anapukusa mutu. Kadi yake nayo tsopano yatha zaka isanalembedwe, ndipo nyumba yake ili pafupi ndi msewu womwe njinga yamoto ya abusa imadutsa popita ku nthambi.